Kodi matenda a kadyedwe ndi akumtundu, kapena amabwera ndi zimene munthu wakumana nazo? Mafunso ndi mayankho

Mwana akayamba kukana chakudya mpaka mafupa kuonekera, kapena munthu wamkulu akamadya mobisa usiku kenako n'kukadzisanzitsa, abale sayamba n'kufunsa za mankhwala. Amayamba n'kufunsa kuti zimenezi zachokera kuti, ndipo kuseri kwa funsolo kumakhala lina lopweteka kwambiri: walakwa ndani? Mayi amadziimba mlandu, bambo amaloza foni ya mwanayo, ndipo wodwalayo amadziona ngati munthu wolephera. Mayankho ali m'munsimu akufotokoza zimene ofufuza apeza pa nkhaniyi.

Kodi matenda a kadyedwe ndi ati kwenikweni?

Alipo angapo, ndipo safanana. Wodwala anorexia nervosa amadzimana chakudya mpaka thupi kutsika kufika poopsa, koma iye amaopabe kunenepa, ndipo akayang'ana pagalasi saona zimene ena onse akuona. Wodwala bulimia nervosa amadya chakudya chambiri pakanthawi kochepa akumva kuti sangathe kuleka, kenako amayesa kuchichotsa podzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kusala kudya kapena kuchita masewera olimbitsa thupi mopyola muyezo. Ambiri mwa odwala bulimia thupi lawo limaoneka labwinobwino, n'chifukwa chake amatha zaka popanda wowadziwa. Pa binge eating disorder, kudya kosadziletsa kuja kumachitika mobwerezabwereza koma popanda kusanza, ndipo munthu amatsala ndi manyazi aakulu. Palinso ARFID, imene munthu, makamaka mwana, amakana zakudya zambiri chifukwa cha fungo, mmene zimamvekera m'kamwa kapena kuopa kutsamwa, osati chifukwa choopa kunenepa. Matenda awiri omalizawa anaikidwa paokha mu 2013 m'buku la DSM-5, limene madokotala a maganizo amagwiritsa ntchito.

Amenewa si matama ayi. Kafukufuku wa mu 2011, amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti odwala anorexia amamwalira kuwirikiza pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo, ndipo imfa 1 pa 5 zilizonse inali yodzipha.

Ndiye tinene kuti ndi matenda akumtundu?

Mbali ina inde, ndipo mbali yake ndi yaikulu kuposa mmene madokotala ankaganizira zaka 40 zapitazo. Michael Strober ndi anzake ku America anafalitsa zotsatira mu 2000 zoonetsa kuti akazi amene m'bale wawo weniweni akudwala anorexia ali pachiopsezo chowirikiza ka 11 poyerekeza ndi akazi a m'mabanja opanda matendawa. Anapezanso kuti anorexia ndi bulimia zimayenda m'mabanja amodzimodzi: mkulu akhoza kudwala iyi, mng'ono n'kudwala inayo.

Koma kuona matenda akuyenda m'banja sikumaliza nkhani. Anthu a nyumba imodzi sagawana magazi okha. Amadyera pamodzi, amamva mawu amodzimodzi okhudza thupi, amaonera zinthu zofanana. Kuti asiyanitse za m'magazi ndi za m'nyumba, ofufuza anayamba kufufuza mapasa.

Mapasa akulowa bwanji m'nkhaniyi?

Mapasa ali mitundu iwiri. Ena amachokera m'dzira limodzi limene linagawanika pawiri, ndipo DNA yawo (malangizo a chibadwa amene munthu amalandira kwa makolo ake) ndi yofanana pafupifupi yonse. Ena amachokera m'mazira awiri, ndipo amafanana theka chabe, monga ana alionse a bere limodzi. Onsewa amakulira nyumba imodzi, nthawi imodzi, ndi makolo omwewo. Choncho ngati matenda akugwira onse awiri kawirikawiri pakati pa mapasa a dzira limodzi kuposa pakati pa mapasa a mazira awiri, kusiyanako kukuchokera m'chibadwa.

Zimenezi n'zimene zapezeka mobwerezabwereza. Mayiko monga Sweden, Norway, Finland ndi Denmark amasunga kaundula wa mapasa, ndipo kaundula ameneyu wathandiza kwambiri. Mu 2006 Cynthia Bulik ndi anzake anafufuza mapasa oposa 31,000 a ku Sweden, ndipo anapeza kuti chibadwa chili ndi gawo la 56 peresenti pa anorexia. Akafukufuku ena ambiri apeza nambala zozungulira 50 mpaka 60 peresenti. Pa bulimia ndi binge eating disorder nambala zimasiyanasiyana, koma zambiri zimagwera pafupi ndi theka. Pa ARFID, kafukufuku wa mapasa a ku Sweden wa mu 2023 anapeza 79 peresenti.

Nambala zimenezi anthu ambiri amazimva molakwika, ndiye tiime kaye pamenepa. 56 peresenti sikutanthauza kuti mwa ana 100 obadwa kwa amayi odwala, 56 adzadwala. Sikutanthauzanso kuti theka la matenda a mwana wanu lachokera m'magazi ndipo theka linalo lachokera pa TV. Nambalayi ikunena za gulu lonse la anthu amene anafufuzidwa: pa kusiyana kumene kulipo pakati pawo, ena kudwala ena osadwala, gawo loposa theka likuyendera limodzi ndi kusiyana kwa DNA yawo. Ndipo mapasa omwewo akuonetsanso mbali inayo. Alipo mapasa ambiri a dzira limodzi amene mmodzi anadwala, mnzake ayi, chikhalirecho DNA yawo ndi imodzi.

Pali mfundo inanso imene makolo ayenera kuimva. Ofufuza akagawa gawo lotsalalo, amapeza kuti lalikulu silichokera ku zinthu zimene mapasa onse awiri anakumana nazo m'nyumba. Limachokera ku zimene zinagwera mmodzi yekha: anzake amene ankacheza nawo, masewera amene analowa, matenda amene anadwala, mawu amene munthu wina anamuuza iye yekhayo.

Kodi pali jini limodzi loyambitsa anorexia, loti angaliyeze m'magazi?

Palibe, ndipo amene angakugulitseni choyezera chotero akukunamizani. Majini ndi tizidutswa ta DNA timene timapereka malangizo a mmene thupi lipangikire ndi mmene lizigwirira ntchito. Matenda ena, monga sickle cell, amayamba chifukwa cha jini limodzi. Matenda a kadyedwe sali m'gulu limenelo. Amadalira majini mazanamazana, lililonse likuwonjezera kachinthu kakang'ono kwambiri, monga zimakhalira ndi kutalika kwa msinkhu.

Mu 2017 ofufuza anapeza malo oyamba olumikizana ndi anorexia pa chromosome 12, imodzi mwa mitolo imene DNA imasungidwamo. Mu 2019 gulu lalikulu la akatswiri, motsogozedwa ndi Bulik yemweyo ndi Gerome Breen wa ku King's College London, linayerekeza DNA ya odwala 16,992 ndi ya anthu 55,525 osadwala, ochokera m'mayiko 17, ndipo linapeza malo 8.

Chodabwitsa sichinali nambalayo. Monga ankayembekezera, anapeza kuti majini a anorexia amalumikizana ndi majini a OCD (matenda omangoganiza ndi kuchita zinthu zomwezo mobwerezabwereza mosatha kuleka), nkhawa, kuvutika maganizo ndi schizophrenia (matenda a misala omva kapena kuona zinthu zimene kulibe). Koma anapezanso kuti amalumikizana ndi majini oyendetsa mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya: mafuta a m'thupi, shuga wa m'magazi, insulini, ngakhalenso chibadwa chosakonda kukhala pansi. Majini amene amakokera munthu ku anorexia ndi omwewonso amene amamutalikitsa ku kunenepa kwambiri ndi ku matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti kusokonekera kwa thupi la odwalawa ndi zotsatira za njala basi. Tsopano zikuoneka kuti mbali ina imakhalapo kale matenda asanayambe, ndipo zimenezi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chimene odwala ena amavutikira kusunga thupi ngakhale atalibwezera kuchipatala.

Anthu amene anayezedwa mu 2019 anali a makolo ochokera ku Ulaya. Ntchito yotsatira, yotchedwa EDGI, inayamba kusonkhanitsanso DNA ya odwala bulimia ndi binge eating disorder.

Ngati si matendawo, chimene munthu amatengera kwa makolo n'chiyani?

Amatengera mtima ndi thupi zimene zimagwidwa msanga. Odwala anorexia ambiri, ukawafunsa za ubwana wawo, amafotokoza mwana wankhawa, wosafuna kulakwitsa kanthu, wofufuta n'kulembanso tsamba lonse chifukwa cha chilembo chimodzi chopindika, womvera malamulo kuposa anzake onse. Nkhawayo kawirikawiri imakhala itayamba kale vuto la chakudya lisanaoneke. Kwa odwala bulimia ndi binge eating disorder kumawonjezereka kupupuluma, makamaka mtima ukawawa.

Chachiwiri ndi mmene thupi limamvera njala. Anthu ambiri akakhala ndi njala amakwiya msanga, mutu umawawa, ndipo thupi limawakankha mpaka adye. N'chifukwa chake ambiri amene amayamba kuchepetsa chakudya amaleka pakatha masabata ochepa. Koma odwala anorexia ambiri amanena kuti njala imawakhazika mtima pansi, phokoso la m'mutu limachepa. Munthu wotereyu akangolawa kamodzi mpumulo umenewo, kuleka kumamuvuta.

Mbewu ikhoza kukhala m'dothi zaka zambiri osamera, kufikira itagwa mvula yoyenera. Anthu ambiri obadwa ndi chiopsezochi amakalamba osadwala, chifukwa chodzutsa matendacho sichinawafike.

Nanga umboni woti zochitika za pamoyo zimayambitsa matendawa uli kuti?

Umboni wodziwika kwambiri unachokera ku Fiji. Kumeneko thupi lodzaza linkalemekezedwa kuyambira kale, ndipo munthu akayamba kuonda abale ankada nkhawa. TV inafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995, ndi mapulogalamu ambiri ochokera ku America, Britain ndi Australia. Anne Becker wa ku Harvard anafunsa atsikana a sukulu za sekondale patangotha masabata ochepa TV itafika, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Atafunsanso atsikana a sukulu zomwezo mu 1998, 11 pa 100 alionse ananena kuti amatero, ndipo pafupifupi 3 pa 4 alionse ananena kuti amadziona onenepa kwambiri. Gulu linali laling'ono, atsikana osakwana 70 ulendo uliwonse, koma DNA ya anthu a ku Fiji sinasinthe m'zaka zitatu. Chinasintha ndi zimene maso awo ankaona.

Masiku ano zithunzizo zili m'thumba la mwana aliyense. Mu 2021 zikalata za mkati mwa kampani ya Facebook zinaululika, ndipo zinaonetsa kuti kafukufuku wa kampaniyo anapeza kuti Instagram imawonjezera vuto la kudana ndi thupi kwa atsikana ena. Nthawi ya COVID-19, ana atatsekeredwa m'nyumba mu 2020 ndi 2021, zipatala za m'mayiko ambiri zinalandira achinyamata odwala matendawa ochuluka kuposa kale.

Ntchito ndi masewera zilinso ndi gawo. Matendawa amachuluka pakati pa ovina ballet, ochita gymnastics, othamanga mitunda italiitali, ankhonya ndi ena amene amakwera sikelo asanapikisane, ndiponso oonetsa zovala. Dziko la France linafika pokhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, loti oonetsa zovala azikhala ndi kalata ya dokotala ndiponso kuti zithunzi zamalonda zosinthidwa pa kompyuta zizilembedwa kuti zasinthidwa.

Ngati vuto ndi zithunzi, bwanji atsikana ambiri amaziona koma osadwala?

Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse. Atsikana mamiliyoni amaona zithunzi zomwezo, ambiri amadandaula ndi matupi awo, ambiri ndithu amayesa kuchepetsa chakudya, koma odwala anorexia ndi pafupifupi 1 pa 100. Zithunzi zimagwera onse mofanana, koma zimadwalitsa amene anabadwa ndi chiopsezo.

Komanso anorexia ndi yakale kuposa TV. Dokotala Richard Morton wa ku England anafotokoza mu 1689 za mtsikana ndi mnyamata amene ankaonda chifukwa chokana kudya popanda matenda ena ooneka. William Gull ku London ndi Charles Lasègue ku Paris anafotokoza matendawa mu 1873. Ku Hong Kong, m'zaka za m'ma 1990, Sing Lee anapeza odwala ambiri amene sankanena n'komwe zoopa kunenepa, ankangoti m'mimba mwadzaza kapena chakudya sichikulowa. Ku Ghana, kafukufuku wa mu 2004 pakati pa atsikana 668 a sekondale anapeza 10 amene anaonda kwambiri chifukwa chodzimana chakudya, ndipo iwo ankapereka zifukwa za chipembedzo ndi kudziletsa. Matenda ndi amodzimodzi, koma chifukwa chimene wodwala amapereka chimatengera kumene ali.

Bulimia ndi yosiyana pang'ono. Gerald Russell anaifotokoza koyamba mu 1979, ndipo imaoneka kuti imatsatira kwambiri chikhalidwe cholemekeza kuonda kuposa anorexia.

Ine ndikungofuna kuchepetsa thupi pang'ono. Kodi zimenezi zingandidwalitse?

Kwa anthu ambiri ayi. Kwa amene ali ndi chiopsezo cha kumtundu, limeneli ndilo khomo limene matendawa amalowera kawirikawiri. George Patton ndi anzake anatsatira ana a sukulu a m'boma la Victoria ku Australia kwa zaka zitatu, ndipo mu 1999 anafalitsa kuti atsikana amene ankadzimana chakudya kwambiri anali pachiopsezo chowirikiza ka 18 poyerekeza ndi amene sankadzimana. Ngakhale amene ankadzimana mwapakatikati chiopsezo chawo chinawirikiza ka 5.

Kuti muone zimene njala payokha imachita m'mutu wa munthu, tamverani zimene zinachitika ku University of Minnesota mu 1944 ndi 1945. Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi, a maganizo abwinobwino, amene anakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo koma anadzipereka kuti athandize kudziwa mmene angadyetsere anthu opulumuka njala ku Ulaya. Kwa masabata 24 ankawapatsa pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya poyamba, uku akuyenda makilomita 35 sabata iliyonse, mpaka anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lawo. Amuna amene kale analibe chidwi ndi kukhitchini anayamba kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku. Ena ankathira madzi m'chakudya kuti chioneke chambiri, ena ankatha maola akudya kambale kamodzi, kuduladula tizidutswa n'kumatisunga m'kamwa. Ankatafuna chingamu tsiku lonse mpaka ofufuzawo anaika malire. Anasiya kuseka, anasiya kucheza, chilakolako cha akazi chinatha. Nthawi yowabwezera chakudya itafika, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta, ndipo kwa ena zimenezi zinatenga miyezi.

Aliyense amene wakhalapo ndi wodwala anorexia kapena bulimia akawerenga zimenezi amazindikira m'bale wake. Zambiri zimene timaganiza kuti ndi khalidwe la wodwalayo, kuuma mutu, kudzipatula, kulankhula za chakudya chokhachokha, ndi ntchito ya njala pa ubongo. Ndipo thupi silifunsa chifukwa chimene chakudya chachepera. Alipo amene matenda awo anayamba atadwala m'mimba kwa masabata angapo, atachitidwa opaleshoni, atasala kudya, kapena atawonjezera maseweredwe osawonjezera chakudya. Sanafune kuonda n'komwe.

N'chifukwa chiyani matendawa amakonda kuyamba potha msinkhu?

Mbali ina ndi yoonekeratu: thupi likusintha, anthu ayamba kuliyang'ana ndi kulinena, ndipo mwana wayamba kudziyerekeza ndi anzake. Koma Kelly Klump, amene tsopano ali ku Michigan State University, anapeza chinthu china poyerekeza mapasa aakazi a zaka 11 ndi a zaka 17. Mwa atsikana amene sanathe msinkhu, chibadwa chinalibe gawo looneka pa kadyedwe kosokonekera. Atatha msinkhu, gawo la chibadwa linakwera kufika pafupifupi theka. Majiniwo analipo chibadwire, koma zikuoneka kuti mahomoni a chikazi, makamaka estrogen, ndi amene amawadzutsa. Mwa anyamata kusintha kotereku sikunaoneke mofanana.

Ndine kholo. Kodi ndine ndadwalitsa mwana wanga?

Ayi. Ndikunena motsimikiza chifukwa makolo akhala akusenzetsedwa mlandu umenewu kwa zaka zoposa 100, ndipo mlanduwo wawononga zambiri. Gull ankalangiza kuti abale sayenera kusamalira wodwala, ndipo Jean-Martin Charcot ku Paris ankachotsa atsikana kwa makolo awo kuti achire. M'zaka za m'ma 1970 Salvador Minuchin anaphunzitsa kuti anorexia imakula m'mabanja omangana kwambiri, oteteza ana mopyola, osafuna kukangana poyera. Koma ofufuza atayang'anitsitsa anapeza kuti matendawa amagwa m'mabanja a mtundu uliwonse, ndiponso kuti zambiri zimene madokotala ankaona zinali zotsatira za matendawo. Ndi banja liti limene lingakhale mwamtendere mwana akufa ndi njala chakudya chili patsogolo pake? Mu 2010 bungwe la Academy for Eating Disorders linalengeza poyera kuti likukana chiphunzitso chilichonse chonena kuti banja ndilo gwero lalikulu la matendawa.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi ntchito ya pa chipatala cha Maudsley ku London m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko anayesa kuika makolo patsogolo pa chithandizo m'malo mowachotsa, ndipo zotsatira za mu 1987 zinaonetsa kuti achinyamata amene sanadwale nthawi yaitali ankachira bwino mwa njira imeneyi. Lero ndiyo njira yoyamba imene madokotala ambiri amasankha kwa ana ndi achinyamata odwala anorexia. Ntchito yake ndi yolemetsa. Mayi kapena bambo amaika mbale patsogolo pa mwana, amakhala naye pafupi, mwana akulira, akubisa chakudya m'thumba la malaya, akunena mawu opweteka amene sananenepo chibadwire. Kholo silikalipa ndipo silichotsa mbaleyo. Limangonena modekha kuti, "Ndikudziwa kuti ukuopa, mwanawe, koma chakudyachi udya, ndipo ine ndili pompano." Zimachitika chonchi kangapo patsiku, kwa miyezi.

Komabe mawu a m'nyumba ali ndi mphamvu. Kuseka mwana chifukwa cha thupi lake, kumupatsa dzina lonyoza, kumukweza pa sikelo pamaso pa ena, kapena kholo kumangodandaula za mimba yake tsiku lililonse, zonsezi zapezeka kuti zimawonjezera chiopsezo. Kusiya zimenezi n'kofunika kwambiri, ndipo kholo lingasiye lero lomwe popanda kudzizunza ndi zakale.

Nanga nkhanza, kugwiriridwa kapena kunyozedwa kusukulu?

Zimawonjezera chiopsezo, makamaka cha bulimia ndi binge eating disorder, monga zimawonjezeranso chiopsezo cha matenda ena a maganizo. Kwa munthu wovulala mumtima, kudya mosadziletsa kapena kudzimana kumakhala njira yoziziritsira ululu kwakanthawi. Koma odwala ambiri sanachitidwepo nkhanza, ndipo si bwino kukakamiza wodwala kapena banja lake kuti afukule chinsinsi chimene kulibe.

Kodi si matenda a atsikana a m'mabanja olemera?

Maganizo amenewa anabwera chifukwa choti kale amene ankafika kwa madokotala apadera anali otero. Kafukufuku wa ku America wa mu 2007, wofunsa anthu m'makomo osati m'zipatala, anapeza anorexia mwa akazi 0.9 peresenti ndi amuna 0.3, bulimia mwa akazi 1.5 ndi amuna 0.5, ndipo binge eating disorder mwa akazi 3.5 ndi amuna 2. Amuna alipo ambiri, kungoti amachedwa kudziwika, ndipo ena vuto lawo limabisala m'chilakolako chofuna minofu.

Umphawi suteteza munthu. Akafukufuku angapo apeza kuti kudya mosadziletsa kumachuluka pakati pa anthu amene chakudya chimapezeka lero, mawa n'kusowa. Thupi limene lazolowera kusowa limadya mwaphuma chakudya chikapezeka, monga anachitira amuna a ku Minnesota aja. Munthu wonenepa nayenso akhoza kudwala anorexia m'zonse kupatula nambala ya pa sikelo, ndipo mtima wake ukhoza kukhala pangozi yofanana uku anthu akumuyamikira kuti akuonda bwino. Odwala matenda a shuga a mtundu woyamba alinso pachiopsezo chapadera, chifukwa ena amachepetsa dala insulini kuti aonde, zimene zimawononga maso ndi impso ndipo zikhoza kupha.

Kodi zochitika za pamoyo zingasinthe majini?

Sizisintha zilembo za DNA, koma zimatha kusintha kuti jini liti ligwire ntchito ndipo liti likhale chete. Phunziro limeneli limatchedwa epigenetics. Chitsanzo chodziwika ndi njala imene inagwa ku Netherlands m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Anthu amene amayi awo anatenga pakati m'nthawi ya njalayo anapezeka, patatha zaka 60, ali ndi zizindikiro zosiyana pa jini lotchedwa IGF2 poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Zizindikiro za mtundu umenewu zapezekanso zosintha mwa odwala anorexia pamene matenda ali pachimake.

Ndinadwalapo matendawa. Kodi ana anga adzadwalanso?

Chiopsezo chawo n'chokwera kuposa cha ana ena, koma ambiri mwa ana a makolo amene anadwalapo sadwala. Ndipo inu muli ndi chimene makolo anu analibe: mukuwadziwa matendawa, ndipo mudzawazindikira msanga.

Chachikulu n'kuteteza mwanayo kuti thupi lake lisalowe m'njala, makamaka kuyambira zaka 10 kupita m'tsogolo pamene akukula mofulumira. Asayambe zochepetsa chakudya popanda dokotala amene akudziwa mbiri ya banja lanu. Akadwala n'kutsika thupi, libwezereni msanga. Akalowa masewera olemetsa, chakudya chiwonjezekenso. Muzidyera pamodzi, musagawe zakudya kuti izi n'zoyera izi n'zauchimo, ndipo musamayamikire kapena kunyoza thupi la munthu aliyense iye akumva. Ngati ndi mwana wankhawa, nkhawayo ithandizidwe payokha isanapeze pobisala. Akakula, muuzeni mbiriyo mosabisa, monga mungamuuzire za shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwa kumtundu. Ngati ndinu mayi woyembekezera kapena mwangobereka kumene, uzani azamba kapena dokotala kuti munadwalapo, chifukwa matendawa amakonda kubwerera mwana akabadwa.

Ngati ali m'magazi, ndiye kuti sachizika?

Amachizika. Ofufuza a ku Massachusetts General Hospital anatsatira akazi odwala kwa zaka 22, ndipo mu 2017 anafalitsa kuti pafupifupi 63 peresenti ya odwala anorexia ndi 68 peresenti ya odwala bulimia anali atachira. Pa anorexia, pafupifupi theka la ochirawo anachira patadutsa zaka 9 zoyambirira, choncho munthu amene wadwala nthawi yaitali asauzidwe kuti basi zake zatha.

Chithandizo chimayamba ndi chakudya, chifukwa ubongo wanjala sungathe kutsatira uphungu. Kwa achinyamata njira ya banja ija ndiyo yoyamba. Kwa akuluakulu odwala bulimia ndi binge eating disorder, uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake), makamaka mtundu umene Christopher Fairburn anakonza ku Oxford, uli ndi umboni wambiri, ndipo umayamba ndi chinthu chooneka chaching'ono: kudya pa nthawi zoikika tsiku lonse osadumphitsa. Mankhwala a fluoxetine amathandiza odwala bulimia ena. Chithandizo chikayamba m'zaka zitatu zoyambirira, mwayi wochira umakhala waukulu.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kuthamangira nazo kuchipatala?

Kukomoka kapena chizungulire poimirira, mtima kugunda pang'onopang'ono kwambiri kapena modumphadumpha, kupweteka pachifuwa, kusanza magazi, kulephera kudzuka munthu akanjuta, kuzizidwa manja ndi mapazi ngakhale kukutentha, kukana ngakhale madzi, kutsika thupi mofulumira sabata ndi sabata, ndiponso mawu alionse ofuna kudzipha. Kwa amene amadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, mchere wa potassium umatsika m'magazi ndipo mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi ngakhale munthuyo akuoneka wathanzi. Zipsera pamfundo za zala, mano okumbika mkati ndi masaya otupa ndi zizindikiro zoti kusanzako kwakhalitsa. Msambo kusiya ndi ubweya wosalala kumera kumsana ndi m'mikono zimaonetsa kuti thupi lakhala m'njala nthawi yaitali.

Munthu amene wakhala masiku ambiri osadya kwenikweni asapatsidwe chakudya chambiri mwadzidzidzi kunyumba. Chakudya chikabwerera mwamphamvu, phosphate ndi michere ina zimatsika m'magazi, ndipo mtima ndi mapapo zikhoza kulephera m'masiku oyambirira. Ayenera kuyamba kudya dokotala akumuyang'anira ndi kumuyeza magazi. Mukafika kuchipatala fotokozani zonse mosabisa: wakhala akudya chiyani, kuyambira liti, ngati amasanza, mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati alipo wina kumtundu amene anadwalapo matendawa.